Malisiti onse alipo, nanga mwana ali kuti?

Chaka ndi chaka boma lalikulu la America limatulutsa ndalama zopitirira $14 biliyoni zoti zikathandize ana aulumali m'sukulu za boma. Ndalamazi zimachoka ku Washington n'kutsikira ku maboma a zigawo 50 za dzikoli, monga Texas, Indiana ndi Ohio. Zikachoka kumeneko zimafika ku maofesi a maphunziro a m'madera, amene kuno amawatcha kuti school district. Ife tingoti distirikiti. Madistirikiti oterewa alipo oposa 13,000, ndipo ine ndimagwira ntchito mu imodzi mwa iwo, kuchipinda cha zachuma. Ntchito yanga yaikulu ndi kuonetsetsa kuti dola iliyonse yochokera m'thumba limeneli ili ndi pepala lonena kumene yapita.

Anzanga a kumudzi ndikawauza zimenezi pa WhatsApp amaseka. "Ndiye ku Americanso amaba eti?" Amaba ndithu, paja munthu ndi munthu kulikonse. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikutembenuza mafayilo amenewa, kuba koti munthu watapa ndalama n'kukagulira galimoto si kumene kumandisowetsa tulo. Wotereyo amasiya mapazi, ndipo sachedwa kugwidwa. Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti mabuku amatha kukhala oyera mbee, maodita n'kusaina, koma mwana amene ndalamazo zidabwerera osalandira kanthu.

Kuti mumvetse bwino, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Chisanafike chaka cha 1975, sukulu zambiri za boma kuno zinkangobweza pachipata ana osamva, osaona, ovutika kuyenda ndiponso amene mutu wawo umagwira zinthu pang'onopang'ono. Nyumba ya malamulo ya Congress idavomereza yokha kuti ana oposa 1 miliyoni sankaponda n'komwe m'kalasi. Makolo ndi amene adayamba kukokera akuluakulu a sukulu kukhoti. Pa mlandu wa Mills, mumzinda wa Washington mu 1972, akuluakuluwo adalira kuti alibe ndalama zokwanira. Khoti lidawayankha kuti ngati ndalama zachepa, zichepere ana onse mofanana, mwana waulumali asasenze yekha umphawi wa sukulu.

Mu Novembala 1975 Pulezidenti Gerald Ford adasaina lamulo limene mu 1990 lidapatsidwa dzina loti Individuals with Disabilities Education Act, mwachidule IDEA. Adasaina monyinyirika, akunena kuti lamuloli likulonjeza zambiri kuposa zimene boma lalikulu lingakwanitse. Sadaname bamboyo. Congress idati pa mwana aliyense waulumali idzafika popereka 40 peresenti ya ndalama zimene dzikoli limagwiritsa ntchito pa mwana mmodzi wa sukulu pachaka. Mpaka lero sidafikepo pamenepo, ndipo panopa ikupereka zosakwana 15 peresenti. Zotsalazo amasonkha ndi maboma a zigawo komanso madistirikiti, kuchokera m'misonkho ya anthu a m'deralo. Ana amene akuyembekezera thandizoli si ochepa ayi: m'chaka cha sukulu cha 2022 mpaka 2023 adali pafupifupi 7.5 miliyoni, kutanthauza ana 15 mwa ana 100 aliwonse a m'sukulu za boma.

Mukaphatikiza ziwirizi, lonjezo lalikulu ndi ndalama zochepa, muona chiyeso chimene mkulu aliyense wa distirikiti amadzuka nacho m'mawa. Lamulo likuti mwana waulumali aphunzire mwaulere ndipo alandire zonse zimene akufunikira, kaya ndi katswiri womuphunzitsa kulankhula, womasulira chinenero chamanja, kapena basi yokhala ndi chokwezera njinga yake. Thumba likuti ayi. Malamulo a zachuma amene ine ndimalondera adapangidwa podziwa chiyeso chimenechi.

Loyamba ndi losavuta kumva. Ndalama za IDEA ndi ndiwo zowonjezera, nsima aphike ndi eni nyumba. Distirikiti iyenera kuyamba yagwiritsa ntchito pa mwana waulumali ndalama zofanana ndi zimene imagwiritsa ntchito pa mwana wina aliyense, ndipo za ku Washington zimangolipira zimene zapyola pamenepo chifukwa cha ulumaliwo. Mphunzitsi wamkulu wina adandiimbira foni tsiku lina, ali ndi chimwemwe, kuti akufuna kugulira sukulu yonse matabuleti ndi ndalama za m'thumbali, poti m'kalasi iliyonse muli mwana waulumali mmodzi kapena awiri. Ndidati, "Pepani ahedi, zimenezo sizingadutse." Adakhumudwa, koma lamulo lili poyera. Ngati mwagula chipangizo chokweza mawu m'kalasi chifukwa cha mwana wovutika kumva, anzake n'kupindula nacho, palibe mlandu. Koma kugula katundu wa sukulu yonse n'kumatapo dzina la ana aulumali, maodita akabwera ndalamazo mubweza.

Lachiwiri ndi limene limatenga theka la chaka changa. Distirikiti siloledwa kuchepetsa ndalama zake zimene imaika pa maphunziro a ana aulumali poyerekeza ndi chaka chatha. Tiyerekeze kuti chaka chatha idagwiritsa ntchito $10 miliyoni ya m'thumba mwake, ndiye chaka chino yagwiritsa ntchito $9.6 miliyoni yokha. Pasowa $400,000. Ngati palibe chifukwa chovomerezeka, boma la chigawo liyenera kubwezera Washington ndalama imeneyo, ndipo silingabweze ndi ndalama zina za ku Washington komweko. Nalonso kawirikawiri limatembenukira distirikiti ija kuti ilipire. Chowawa china n'chakuti chaka chotsatira mlingo sutsikira pa $9.6 miliyoni, umakhalabe pa $10 miliyoni pomwe paja.

Zifukwa zovomerezeka zilipo, koma n'zowerengeka. Mphunzitsi amene wakhala zaka 30 pantchito akapuma mwa kufuna kwake, n'kulowa wachinyamata wa malipiro otsika, kusiyanako kumaloledwa. Ana aulumali akachepa m'deralo, chimodzimodzi. Mwana amene thandizo lake linkadya ndalama zambiri akasamuka kapena akamaliza sukulu, kapenanso distirikiti ikamaliza kulipira chinthu chachikulu ngati basi yapadera, ndalamazo zitha kuchotsedwa. Chimene sichili pamndandanda ndi mawu oti "chuma chavuta chaka chino." Apa pamakhala mikangano, chifukwa chaka chimene misonkho yatsika, akuluakulu amadula paliponse: masewera, nyimbo, okonza nyumba. Akafika pa ana aulumali amapeza chitseko chokhoma. Ena amadandaula kuti lamuloli limalanga ngakhale amene apeza njira yotsika mtengo yochitira ntchito yomweyo, ndipo dandaulo lawo lili ndi mfundo. Komabe ndikakumbukira amene ankayamba kudulidwa 1975 isanafike, ndimati chitsekocho chikhale chokhoma choncho.

Pali kakhomo kamodzi kam'mbali. Ndalama za ku Washington zikakwera, distirikiti imene ilibe milandu imaloledwa kuchepetsa zake ndi theka la zimene zawonjezekazo. Masiku wamba kameneka n'kakang'ono. Koma mu 2009, chuma cha dziko chitagwa, boma la Barack Obama lidathira $11.3 biliyoni yowonjezera m'thumbali kamodzi n'kamodzi, ndipo madistirikiti ambiri adatulukira pakakhomo kameneka. Adatsitsa mlingo wawo movomerezeka, ndalama zowonjezerazo zidatha, koma mlingo wotsikawo udatsala.

Kenako pali mapepala a maola. Ndalama zambiri za IDEA zimathera m'malipiro a anthu, ndiye funso la odita limakhala loti: munthu uyu amene mukumulipira ndi ndalama za ana aulumali, amagwiradi ntchito ya ana aulumali? Wothandizira mphunzitsi amene m'mawa amakhala ndi mwana wa autism, masana n'kukayang'anira ana onse kuchipinda chodyera, malipiro ake ayenera kugawidwa molingana ndi maola ake enieni, ndipo pakhale umboni wolembedwa. Aphunzitsi amadana nawo mapepalawa, ndipo sindiwada. Munthu wakhala tsiku lonse akutonthoza mwana amene akudziluma mkono, ine n'kumutumizira uthenga woti sadasaine fomu. Koma apa ndi pamene mbuzi imadyera pomwe aimangirira. Popanda fomuyo, n'kosavuta kulipira kalaliki wa mu ofesi kapena mphunzitsi wa mpira ndi ndalama za ana aja, osaonekera.

Zina ndingodutsamo. Distirikiti iyenera kupatula gawo la ndalamazi lothandizira ana aulumali amene makolo awo adawaika m'sukulu zomwe si za boma. Ikapezeka kuti ikulemba ana a mtundu umodzi, nthawi zambiri akuda, kuti ndi aulumali kapena kuwalanga mopyola muyeso poyerekeza ndi anzawo, imakakamizidwa kupatula 15 peresenti kuti ikonze vutolo. Ndalama za chaka chimodzi zili ndi miyezi 27 yoti zigwiritsidwe ntchito, zikatsala zimabwerera kwawo. Ndipo distirikiti iliyonse imene imagwiritsa ntchito ndalama za boma lalikulu zokwana $1 miliyoni pachaka iyenera kuitana maodita akunja. Mpaka 2024 mlingowu udali $750,000. Malipoti awo amaikidwa pa intaneti, pa Federal Audit Clearinghouse, moti ngakhale inu ndi foni yanuyo mutha kuwawerenga.

Mpanda umenewu ndi wolimba ndithu. Koma taonani chimene umalondera: ndalama zimene zalowa, ndalama zimene zatuluka, ndi ana amene ali kale m'kaundula. Nanga mwana amene sadalembedwe n'komwe?

Yankho lidaonekera ku Texas. Mu 2004 ofesi ya maphunziro ya chigawochi, Texas Education Agency, idaika nambala mu ndondomeko yake yoyezera madistirikiti: 8.5 peresenti. Distirikiti imene ana ake aulumali adapyola nambala imeneyi inkapatsidwa malikisi oipa, ndipo inkatha kuuzidwa kuti ilembe ndondomeko yodzikonzera. Panthawiyo ku Texas ana otere adali pafupifupi 12 peresenti, pamene dziko lonse lidali cha m'ma 13. Palibe adalamula poyera kuti ana akanizidwe thandizo. Sipadafunikenso kutero. Mkulu aliyense wa distirikiti amadziwa kuwerenga nkhope ya abwana ake. Chaka ndi chaka nambala ija idatsika, mpaka idakakhazikika pafupi ndi 8.5 pomwepo, ngati kuti ana a ku Texas adayamba kubadwa mosiyana ndi ana a kwina kulikonse.

Amene adavumbula nkhaniyi si odita. Adali mtolankhani, Brian Rosenthal, wa nyuzipepala ya Houston Chronicle, mu 2016. Aphunzitsi adamufotokozera mmene ankauzidwira kuti achedwetse kuyeza ana, ndipo makolo adafotokoza mmene ankabwezedwera ndi mawu okoma oti adikire kaye. Mu 2017 aphungu a Texas adaletsa nambala ija. Mu Januwale 2018 unduna wa maphunziro wa boma lalikulu, utatumiza anthu ake kukamva okha madandaulo a makolo, udagamula kuti Texas idaphwanya IDEA. Udapeza kuti pa zaka pafupifupi 13 chiwerengero cha ana olandira thandizoli chidatsika ndi oposa 30,000, pamene ana onse m'sukulu za chigawocho adawonjezeka ndi oposa 1 miliyoni.

Ndimaganizira kawirikawiri za anzanga a ntchito ngati yanga amene adali m'maofesi a ku Texas zaka zonsezo. Mafomu a maola adasainidwa. Malisiti adali m'mafayilo. Distirikiti imene ana ake aulumali achepa imaloledwa ngakhale kutsitsa ndalama zake, paja ndanena kuti chimenechi ndi chifukwa chovomerezeka. Mwana wa zaka 9 amene sakutha kuwerenga dzina lake, koma sadayezedwe, sapezeka m'buku lililonse la zachuma. Alibe mzere wake.

Ndipo pali china chimene anthu ambiri sadziwa. Kuyambira pamene lamuloli lidakonzedwanso mu 1997, ndalama zatsopano za IDEA sizigawidwa potengera chiwerengero cha ana aulumali amene chigawo chapeza. Zimagawidwa potengera chiwerengero cha ana onse, 85 peresenti, ndi cha ana osauka, 15 peresenti. Cholinga chidali chabwino: kuti sukulu zisamangolemba ana kuti ndi aulumali pofuna kukolola madola. Koma mpeni umenewu uli ndi kuthwa kuwiri. Chigawo chimene chikupeza ana ochepa sichitaya ndalama za ku Washington, pamene mwana aliyense amene chamulemba amachidyera ndalama zake. Kusaona n'kotsika mtengo.

Pamene Texas idagwidwa pa nkhani ya madola enieni, zinthu zidayenda molunjika. Mu 2012 chigawochi chidachepetsa ndalama zake za ana aulumali ndi $33.3 miliyoni, n'kunena kuti anawo sakufunikiranso thandizo lambiri ngati kale. Boma lalikulu lidati lidula ndalama yomweyo pa gawo la Texas, ndipo mu Novembala 2018 khoti la apilo lidagwirizana nalo. Nambala inkaoneka, chilango chinkadziwika. Za ana amene adakula osathandizidwa pa zaka zoposa 10 zija, palibe khoti lingawabwezere sitandade 2 yawo.

Kunena chilungamo, a ku Washington adayamba kale kuona kuti kuwerenga mapepala okha sikukwanira. Ofesi yawo yoyang'anira lamuloli, Office of Special Education Programs, imapereka malikisi kwa chigawo chilichonse chaka ndi chaka, ndipo kuyambira 2014 imayang'ananso mmene ana aulumali akukhozera mayeso, osati mafomu okha. Khoti lalikulu kwambiri m'dzikoli nalo lidathirapo mawu mu 2017, pa mlandu wa Endrew F., mnyamata wa autism wa ku Colorado. Oweruza onse adagwirizana kuti sukulu siyingati yakwaniritsa lamulo chifukwa mwana wangosuntha pang'ono chabe. Ndondomeko yake iyenera kukhala yoti apite patsogolo molingana ndi mmene alili. Koma ofesi imodzi siyingaone m'makalasi a madistirikiti 13,000. Ndipo mu Malichi 2025 ogwira ntchito ku unduna wa maphunziro adachepetsedwa pafupifupi ndi theka, Pulezidenti Donald Trump n'kusaina chikalata cholamula kuti ntchito yotseka undunawu iyambike. Kuutseka kwenikweni n'kofunika Congress, ndipo IDEA ikadali lamulo. Maso olondera ndiwo achepa.

Choncho odita amene ndimamudalira kwambiri ndi kholo. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Izi ndikulembera makamaka inu amene muli ndi achemwali, achimwene kapena azakhali kuno, chifukwa ife obwera timagwa mumsampha uwu mosavuta. Tidaleredwa kuti mphunzitsi satsutsidwa. Tili ndi manyazi ndi mawu oti ulumali. Ena ali ndi mantha a mapepala.

Mayi wina wakwathu adandikokera pambali titasonkhana pa chinkhoswe. Mwana wawo wa zaka 7 sankatha kulumikiza zilembo, ndipo kusukulu kwa chaka chathunthu ankangowauza kuti akumuyesa kaye njira zina.

"Achimwene, inu mumagwira komweko. Ndikakakamira, sadzamulemba kuti ndi wozerezeka? Nanga akayamba kufunsa za mapepala athu?"

"Mayi, mapepala anu sakukhudzana ndi sukulu," ndidawayankha. "Lembani kalata, muikepo deti, musunge kope yanu. Zapakamwa zimauluka."

Zimene ndidawafotokozera ndi izi. Kuyambira 1982, pa mlandu wa Plyler, khoti lalikulu lidagamula kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wolowa sukulu ya boma posatengera mapepala a makolo ake kapena ake. Kholo likapempha kuti mwana ayezedwe, sukulu iyenera kuvomera kapena kukana molemba, n'kupereka zifukwa. Kholo likasaina chilolezo, kuyezako kuchitike pasanathe masiku 60, pokhapokha chigawocho chili ndi nthawi yakeyake, ndipo kholo sililipira kalikonse. Njira zina zimene sukulu ikuyesa si chifukwa chochedwetsera. A ku Washington adalembera zigawo zonse za chimenechi mu 2011. Pamsonkhano wokambirana za mwana, kholo limene Chingerezi chimalivuta liyenera kupezeredwa womasulira.

Mwana akapezeka kuti akufunikira thandizo, amamulembera chikalata chotchedwa IEP, chimene chimaunikidwanso chaka chilichonse. Kwa ine chikalata chimenechi ndiye lisiti lenileni, loposa onse a m'kabati mwanga. Chimanena kuti mwana alandira chiyani, kangati, kwa mphindi zingati. Ngati palembedwa kuti katswiri wa zolankhula azikumana naye mphindi 30 kawiri pa sabata, kholo lili ndi ufulu wopempha kuona zolembedwa zonse za mwana wake n'kuwerenga lokha masabata. Mu ofesi mwanga ndimaona kuti katswiriyo walipidwa mwezi wonse. Sindingaone kuti Lachiwiri lina adatumizidwa kukagwirizira kalasi ina, mwana uja n'kungokhala. Mayi amene amafunsa mwana wake madzulo kuti "lero unakumana nawo aunt aja?" amadziwa zimenezo tsiku lomwelo.

Mphindizo zikapanda kukwana, kholo litha kupempha kuti zibwezedwe. Sukulu ikakana, pali kalata ya dandaulo yopita ku ofesi ya maphunziro ya chigawo. Siyifuna loya, siyifuna ndalama. Iyenera kunena zimene zachitika m'chaka chimodzi chapitacho, kope yake ipite ku distirikiti, ndipo chigawo chili ndi masiku 60 oti chifufuze n'kuyankha molemba. Makalata amenewa akafika, ngakhale kuchipinda chathu cha zachuma timamva, chifukwa maola obwezawo amafunika mzere wawo mu bajeti.